Momwe mungaikire matagi a RFID pa nkhumba zanu nkumadziwa zomwe iliyonse ikuchita m'khola

Nkhumba zanga zazikazi zitakwana 12 ndi pomwe ndinazindikira kuti mutu pawokha sungasunge zonse. Zonse zinali zoyera, za mtundu wa Large White ndi zina zosakanikirana ndi Landrace, ndiye ukaima pakhomo la khola m'mawa zimangooneka ngati za mimba imodzi. Panali ina yake yomwe tinaikweretsa katatu konse osatenga bere, koma poti tinkaisokoneza ndi m'bale wake yemwe anali ndi bere kale, inakhala miyezi yambiri ikungodya madeya ndi soya wanga popanda chomwe ikubweza, ndipo tsiku lomwe ndinazitulukira zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa chakudya cha nkhumba mukudziwa nokha mmene chikuvutira kupeza. Kuchokera pamenepo ndinayamba kufufuza za matagi amagetsi aja, ndiye apa ndikufuna ndikuuzeni anzanga momwe mungayambire, pang'onopang'ono, osataya ndalama pa zinthu zosafunika.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti kanthu kameneka nchiyani, chifukwa ambiri amakamva molakwika. Tagi ya RFID ndi kapulasitiki kozungulira ngati batani lalikulu la jekete, mkati mwake muli kawaya kokulunga ndi kachipu kakang'ono komwe kamasunga nambala imodzi basi. Mulibe batire. Mukayandikitsa rida, makina owerengera aja, rida ndi yomwe imapatsa mphamvu kachipuko nkutulutsa nambala yake. Ndiye chonde musaganize kuti tagi imeneyi ikuuzani komwe kuli nkhumba yanu akuba akaiba usiku, simuli GPS mmenemo, imangoyankha pamene rida ili pafupi. Nambala yake imakhala ya manambala 15, ndipo matagi a ziweto odziwika padziko lonse amayendera malamulo a ISO 11784 ndi ISO 11785, pa mafunde a 134.2 kHz. Manambala atatu oyambirira amakhala a dziko ngati matagiwo akutuluka kudzera mu ndondomeko ya boma, Malawi ndi 454, Zambia 894, Mozambique 508, South Africa 710, koma omwe timagula patokha nthawi zambiri amayamba ndi nambala ya kampani yomwe yapanga, yapakati pa 900 ndi 998, mwachitsanzo a Allflex amayamba ndi 982. Mukaona yoyamba ndi 999 dziwani kuti ndi yongoyesera, si yoika pa chiweto.

China choti ndinene msangamsanga, foni yanu siingawerenge matagi amenewa ngakhale itakhala yodula bwanji. NFC, kachipangizo ka m'mafoni ena kowerengera makadi ndi matagi poyandikitsa, imagwira pa 13.56 MHz, mafunde osiyaniranatu, ndiye wina akakuuzani kuti mungogula matagi basi muzikawerenga ndi foni, mufunseni bwinobwino kuti ndi matagi amtundu wanji. Rida ndiyofunika, foni imangolandira zomwe rida yawerenga kudzera pa Bluetooth.

Sitepe yoyamba ndi kusankha nkhumba zoti muike matagi, ndipo apa ndikulangizani kuti musaike zonse. Yambani ndi zazikazi zoswa, misoti yomwe mwasankha kuti idzakhale makolo, ndi mphongo. Zimenezi ndi zomwe zimakhala nanu zaka, ndi zomwe zimadya ndalama zambiri, komanso mbiri yake ndi yomwe imakupindulitsani. Zonenepetsa zomwe mugulitse zikakwana miyezi 6 kapena 7 kuziika tagi yamagetsi ndi kuwononga, pokhapokha ngati muli ndi sikelo ndipo mukufunadi kutsata kakulidwe ka iliyonse. Zimenezo tagi wamba yolemba nambala ndi inki imakwana, kapena kudula timano m'makutu zikadali tiana, njira yakale ija yomwe khutu lamanja limasonyeza nambala ya mimba yomwe zinabadwira ndipo lamanzere nambala ya kamwanako, malo aliwonse pakhutu ali ndi mtengo wake, 1, 3, 9, 27 ndi 81. Ine timanoti sindinasiye ngakhale pa zomwe zili ndi tagi yamagetsi, chifukwa tagi ikagwa ndi timano tomweto timene timandiuza kuti iyi ndi ndani.

Kenako kugula. Pakufunika zinthu zitatu, matagi, chopanira chake chomwe chimaoneka ngati pulayazi yaikulu, ndi rida. Pa matagi funsani ozungulira ang'onoang'ono opangidwira nkhumba, musatenge aakulu olendewera a ng'ombe aja, nkhumba ndi nyama yachidwi kwambiri, chilichonse cholendewera pakhutu la inzake imachitafuna mpaka chithothoke. Pa paketi muone ngati alembapo ISO 11784/11785, ndipo akakhala ovomerezeka ndi ICAR, bungwe la padziko lonse loona za matagi a ziweto, bola kwambiri poti ndiye kuti anayesedwa. Muonanso zilembo FDX-B kapena HDX, imeneyi ndi mitundu iwiri ya momwe tagi imayankhulirana ndi rida, HDX kawirikawiri imawerengeka patali pang'ono komanso imakwererako mtengo, koma pa khola laling'ono yonse imagwira, chachikulu nchakuti rida yanu izitha kuwerenga mitundu yonse iwiri kuti mawa musadzamangike pa kampani imodzi. Chopanira chikhale cha kampani yomweyo yomwe yapanga matagi, chifukwa kasingano kake kamasiyana kukula, mukasakaniza tagi siitsekeka bwino kapena mumaphwanya kachipu mkati osadziwa. Gulaninso kasingano kapadera, kamapindika nthawi yomwe simukuyembekeza. Yambani mwafunsa m'mashopu a mankhwala a ziweto, akakhala kuti alibe ambiri timadalira abale omwe ali ku Johannesburg kapena kuitanitsa pa intaneti, ndipo potero muwatumizire chithunzi cha zilembo ndatchulazi kuti asagule zina.

Aliponso matagi a UHF omwe amagwira pakati pa 860 ndi 960 MHz, amenewa amawerengeka pa mamita angapo komanso ambiri nthawi imodzi, koma madzi ndi thupi la nyama zimawasokoneza, ndipo amafuna rida yawoyawo. Poyambira asiyeni. Tina ndi timachipu tagalasi tobaya pansi pa khungu ngati tomwe amaika agalu, pa nkhumba ine sindikukulimbikitsani, chifukwa nkhumba mathero ake ndi pa mbale, kachipu kakasuntha m'thupi nkusowa popha ndiye kuti galasi lapita mu nyama ya munthu. Palinso zipangizo za chipu zomwe chiweto chimameza nkukhala m'mimba, koma ndi za ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, m'mimba mwa nkhumba sizikhala.

Musanagwire nkhumba ngakhale imodzi, konzani kaundula. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, tagi payokha ndi nambala chabe, chomwe chimagwira ntchito ndi zomwe mwalemba pa nambalayo. Tengani hadikava yatsopano, nkhumba iliyonse tsamba lake kapena awiri, ndipo ngati mumatha Excel kapena Google Sheets pa foni chitaninso chimodzimodzi mmenemo. Pamwamba lembani nambala yonse ya manambala 15, pambali pake nambala yaifupi yomwe muziitchula tsiku ndi tsiku, kaya 07 kaya 12, kapena dzina ngati mumazipatsa maina, kenako tsiku lobadwa, mayi wake, bambo wake, mtundu, komwe munaigula, ndi khola lomwe ikukhala. Za mayi ndi bambo musazione mopepuka, mphongo imodzi ikakhalitsa pakhomo nchapafupi kuikweretsa mwana wake yemwe, ndiye tiana timabadwa tofooka, tochepa, tina topunduka, munthu nkumadabwa kuti chalakwika nchiyani. Tagi iliyonse muiwerenge kaye ndi rida ikadali m'manja, muone kuti nambala yomwe yatuluka ikufanana ndi yomwe yadindidwa kunja kwake. Ikapanda kuyankha ikani pambali. Palibe chowawa ngati kulimbana ndi nkhumba ya makilo 150 mpaka thukuta kenako nkupeza kuti tagi mwaika ndi yakufa.

Tsopano tsiku loika. Chitani m'mamawa kusanatenthe, nkhumba siituluka thukuta ngati ife ndiye ikalimbana padzuwa imatha kubanika. Zomwe zatsala pang'ono kuswa zisiyeni, mudzaike zikaletsa ana kuyamwa. Mukhale anthu awiri kapena atatu. Yaikulu imagwiridwa ndi chingwe cha msampha pa nsagwada yam'mwamba, chilowe mkamwa mpaka kuseri kwa mano aataliwo, mukakoka iyo imakokera m'mbuyo nkuima chilili ikukuwa, phokoso lake ndi loboola m'makutu koma musachite nalo mantha, chofunika ndi kufulumira basi. Tiana timangonyamulidwa m'manja, ndipo ngati mukufuna kutiika matagi ang'onoang'ono chitani tsiku lomwelo lobaya jakisoni wa ayironi, m'masiku atatu oyambirira, kuti musatigwiregwire kawiri.

Pukutani khutu ndi kansalu koviika mu sipiriti kapena ayodini, mbali zonse ziwiri, tagi ndi kasingano muviikenso. Ndiye yang'anani khutulo bwinobwino, mukaliunika ndi dzuwa kapena tochi kuseri muona mitsempha ya magazi ikuyenda, komanso mukapapasa mumva timizere tiwiri tolimba toyenda m'litali mwa khutu. Malo oika ndi pakati pa timizere tiwirito, pakatikati pa khutu, popanda mtsempha. Mukaika kunsonga kapena m'mphepete tagi ikakodwa pa waya kapena inzake ikailuma khutu limang'ambika tagi nkugwa, ine matagi anga atatu oyamba ndinawatola mu ndowe sabata isanathe chifukwa cha zimenezi, ndinkaopa kupweteka nyama ndiye ndinkaika kunsonga komwe kuli kopyapyala. Mukaikanso pafupi kwambiri ndi mutu pamene khutu lili lochindikala, tagi imapana mnofu, mpweya sudutsa, bala limachita mafinya. Mbali yosongoka ilowere kuseri kwa khutu, mbali yonenepa yomwe ili ndi chipu ikhale mkati. Panani kamodzi mwamphamvu mpaka mumve kuti thwa, musiye chopanira nthawi yomweyo nkhumba isanapukuse mutu. Zungulizani tagiyo ndi chala muone kuti ikuyenda momasuka, iwerengeninso ndi rida, mnzanu achonge m'kaundula, kenako masulani chingwe. Zonse muike khutu limodzi, kaya lamanzere kaya lamanja, kuti powerenga musamasakesake.

Kwa sabata ziwiri muziyang'ana makutuwo tsiku lililonse, makamaka nyengo yamvula ntchentche zikachuluka. Kutupa pang'ono masiku oyamba si vuto, koma pakayamba kununkha kapena mafinya tsukani ndi ayodini, pakakanika chotsani tagi bala lipole kaye.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse, chopanira chanu musabwereke ndipo musabwereketse. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kukaniza mnzako chipangizo kumaoneka ngati umbombo, koma kasingano kameneka kamakhudza magazi, ndipo kachilombo ka chigodola kamakhala kochuluka kwambiri m'magazi komanso kamalimba nthawi yaitali kunja kwa thupi. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chikalowa m'khola chimatha kusesa zonse. Ngati muli pa kalabu ndipo munasonkha kugula rida imodzi, rida iziyenda itavala pepala lapulasitiki lomwe mutaye mukamaliza, ndipo munthu wake asalowe m'khola la mnzake ndi nsapato zomwe anali nazo kwake.

Kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku nkosavuta koma kuli ndi timisampha take. Rida ya ndodo imafuna muiyandikitse, mtunda wake sumapitirira kwenikweni rula ya kusukulu ija, ndiye nthawi yabwino ndi pamene zaika mitu m'chodyera. Zitsulo zambiri, malata, mawaya a magetsi ndi injini yomwe ikulira pafupi zimachepetsa mtundawo. Komanso matagi awiri akayandikana, monga nkhumba ziwiri zagundanitsa mitu, rida ya mtundu umenewu imasokonezeka, mwina osawerenga kapena kuwerenga ya inzake, ndiye muziona nambala pa sikirini musanalembe kanthu. Marida ambiri amasunga nambala pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, onetsetsani kuti wotchi yake mwaitchera bwino tsiku loyamba, kupanda kutero mbiri yonse ikhala yosokonekera. Tchajani usiku uliwonse ndipo mukhale ndi pawabanki poti magetsi athuwa sapanganika.

Zolemba zofunika kwambiri ndi za kubereka. Tsiku lomwe mwakweretsa, werengani tagi ya yaikazi ndi ya mphongo, lembani. Kuchokera pamenepo pali masiku awiri oti muwerengeretu. Loyamba ndi pakatha masiku 21, chifukwa ngati sinatenge bere imayambanso kufuna mphongo nthawi imeneyo, ndiye kuyambira tsiku la 18 mpaka 24 muziyang'ana kumaliseche ngati kwatupa nkufiira, komanso mukaitsamira pamsana ndi manja awiri nkuima nji osasuntha ndiye kuti yabwereza. Lachiwiri ndi la 114, miyezi itatu sabata zitatu masiku atatu, tsiku loswa. Mwachitsanzo mwakweretsa pa 1 Malichi, muyang'ane pa 22 Malichi, ndipo ngati yatenga muyembekezere ana cha pa 23 Juni. Mu Excel mumangolemba tsiku nkuwonjezera 114 imakuwerengerani yokha. Ikaswa lembani obadwa amoyo angati, akufa angati, ndipo poletsa kuyamwa atsala angati. Ikasiyana ndi ana imayenera kufuna mphongo pakatha masiku 4 mpaka 7, ikadutsa masiku 10 ili chete lembani zimenezo. Pakatha mimba ziwiri zitatu tsamba lake limayankhula lokha kuti iyi ndi yosunga kapena yogulitsa, ndipo simumamvanso chisoni chifukwa choti ndi yonenepa kapena yofatsa.

Mankhwala nawonso, jakisoni aliyense, a njoka zam'mimba, a mphere, lembani tsiku ndi dzina la mankhwala pa nambala yake, komanso masiku omwe alembedwa pa botolo oti nyama isadyedwe. Wakanyenya akabwera ndi ndalama m'manja mumangowerenga tagi nkuona kuti iyi masiku ake sanakwane, tengani ina. Anthu odya nyamayo ndi abale athu omwe.

Za kulemera, ngati muli ndi sikelo yesani kamodzi pa milungu iwiri kapena inayi. Ngati mulibe tepi ya telala imathandiza, yesani kuzungulira chifuwa kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, ndi utali kuchokera pakati pa makutu mpaka poyambira mchira, zonse mu mamita, kenako chifuwa kuchulukitsa ndi chifuwa, kuchulukitsa ndi utali, kuchulukitsa ndi 69.3. Chifuwa cha mita 1 ndi utali wa 1.1 zikupatsani makilo pafupifupi 76. Si ndendende koma kakulidwe mukaona. Nkhumba yochoka pa makilo 30 kufika 44 m'masiku 28 ndiye kuti ikuwonjezera magalamu 500 patsiku, inzake ya mimba imodzi ikakhala ikuwonjezera theka la pamenepo pali chomwe chikuidya.

Tibwere ku nkhani yotsata zochita za nkhumba, yomwe ndi imene ambiri imawakopa akaona mavidiyo a mafamu a ku Ulaya. Zinthu zimenezi zinakula kumeneko pa chifukwa chake. Ku Britain analetsa kusunga nkhumba zabere m'timakola topanikiza ta imodzi imodzi mu 1999, ndipo mayiko a European Union kuyambira pa 1 Januwale 2013 analamula kuti zizikhala pagulu nthawi yaikulu ya bere. Ndiye zikakhala pagulu zamphamvu zimalanda chakudya cha zofooka, mpamene makina odyetsera ozindikira tagi anafala, opangidwa ndi makampani ngati Nedap ya ku Netherlands, Big Dutchman ya ku Germany ndi Schauer ya ku Austria. Nkhumba imalowa m'kanjira, chitseko chimatseka kumbuyo, makina amawerenga tagi nkugwetsa chakudya cha mlingo wake wa tsikulo, makilo awiri kapena awiri ndi theka kwa yabere, ikamaliza gawo lake ngakhale ibwerenso kakhumi sichigwanso. M'mawa mlimi akatsegula kompyuta amapeza mndandanda wa zomwe sizinadye dzulo, nkupita kukaziona zimenezo poyamba. Ena amaika mphongo kuseri kwa khoma lokhala ndi kazenera ndi rida, yaikazi yomwe yayamba kupitapita pazenerapo nkumachedwapo makina amadziwa kuti ikufuna mphongo. Kuli matagi ena okhala ndi batire ndi kachipangizo komva kugwedezeka, ngati kamene kamawerenga masitepe m'foni, kuli makamera oyeza kulemera nkhumba osaigwira, ndipo ku Belgium kampani ya SoundTalks inapanga makina omvetsera chifuwa m'khola usana ndi usiku nkuchenjeza kutsokomola kukachuluka.

Zimenezi pa khola la nkhumba 10 kapena 30 sizingabweze ndalama, komanso zimafuna magetsi osazima ndi wokonza wapafupi, ndiye musadzimve kutsalira. Koma mukaziyang'anitsitsa zonsezi zikuchita ntchito imodzi, zikuyerekeza nkhumba ya lero ndi mmene nkhumba yomweyo inalili dzulo ndi dzana. Nkhumba imagona gawo lalikulu la tsiku, ndiye kuipeza itagona si nkhani, nkhani ndi yakuti yomwe imakhala yoyamba pa chodyera lero yabwera pomaliza. Ndipo zimenezo ndi rida ya m'manja ndi hadikava mungathe.

Ine ndimachita chonchi. M'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi ndikathira chakudya, ndimadutsa ndi rida kuwerenga iliyonse yomwe yabwera kudzadya, motsatana mmene zafikira. Ndikamaliza ndimaona kuti zawerengeka zingati, ngati m'khola muli 8 ndipo rida ikuti 7, yotsalayo ndimaifuna pompo. Kenako pa nambala iliyonse ndimaika chizindikiro chimodzi, 2 ngati yadzuka msanga nkumaliza chakudya, 1 ngati yachedwa kapena yasiyako, 0 ngati sinadzuke. Madzulo chimodzimodzi. Ntchito yonse siitha mphindi 15, ndipo mnyamata yemwe amandithandiza anaiphunzira tsiku limodzi, mwakuti ndikachokapo amangojambula tsambalo nkunditumizira pa WhatsApp. Ubwino wa rida apa ndi woti imalemba nthawi, ndiye palibe zolemba uli pakhonde osalowa m'khola. Lamulo langa ndi lakuti 1 kawiri motsatana kapena 0 kamodzi, themomita ituluke.

Madzi muziwatsatanso, chifukwa kawirikawiri kamwedwe kamasintha matenda asanaonekere ndi maso. Ngati muli ndi mapaipi ikani kamita kakang'ono pa khola lililonse muziwerenga nthawi imodzi tsiku ndi tsiku, ngati mumathira ndi ndowa lembani mizere ya malita pa diramu ndi penti. Kutsika mwadzidzidzi kapena kukwera mwadzidzidzi popanda kusintha kwa nyengo, yambani mwaona ngati paipi yatsekeka kapena ikudontha, ngati zili bwino ndiye yang'anani nkhumba. Omwe muli ndi sola mutha kuika kakamera ka sekyulite pamwamba pa khola loswera, ndi kothandiza kwambiri. Yomwe yatsala pang'ono kuswa imasintha khalidwe tsiku lomaliza, imadzukadzuka, kupalasa pansi, kutola udzu ndi kukamwa nkumaunjika pakona ngati ikumanga chisa, ndipo mukafinya bere nkutuluka mkaka dziwani kuti kwatsala maola. Mukaona zimenezi pa foni mumadziwa usiku woti mugone pafupi, tiana tambiri timafa masiku oyamba chifukwa chogoneredwa ndi make kapena kuzizidwa. Kuti pa kamera muzizindikira, lembani nambala yaifupi ija pamsana ndi penti ya ziweto, poti kamera wamba siiwerenga tagi.

Chizindikiro chikakuchenjezani, yezani kutentha kwa thupi kudzera kotulukira chimbudzi. Nkhumba yabwinobwino imakhala cha pa madigiri 39, kutsika kapena kukwera pang'ono. Ikafika 40.5 kupita m'mwamba, yasiya kudya, ikudzandira, makutu ndi pamimba pafiira kapena kuda, zinzake zayamba kuunjikana pakona, ganizani za chigodola musanaganize china chilichonse. Tsekani khola, asalowe munthu, isatuluke nkhumba kapena nyama, imbirani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Chonde musathamangire kupha nkugulitsa motchipa, njira imeneyo ndi yomwe imafalitsa matendawa mudzi ndi mudzi. Kwa anzathu a ku Mchinji ndi madera oyandikana ndi malire a Zambia, matendawa ndi okhazikika ndipo nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola zimasunga kachilomboka, ndiye inu ndi amene kuona msanga kukufunika koposa. Apa kaundula amagwira ntchito yaikulu, alangizi akafunsa kuti nkhumba imeneyi inali ndi ziti, inachokera kuti, mphongo inakwera ziti sabata zapitazi, mumangotsegula tsamba. Nchifukwa chake nkhumba ikasamuka khola muziwerenga tagi nkulemba tsiku, ndipo yachilendo yomwe mwagula ikhale payokha kutali kwa mwezi isanasakanikirane ndi zinzake.

Kaundula wa m'foni muzimusunga pawiri, foni imagwera m'madzi, imabedwa. Lamulungu lililonse tumizani failo ku imelo yanu kapena jambulani masamba a hadikava, ndipo hadikavayo isamakhale m'khola momwe makoswe ndi chinyontho zingaiononge.

Matagi ena adzagwa ndithu ngakhale muike bwino chotani. Ikagwa, zindikirani nkhumbayo tsiku lomwelo ndi timano ta m'makutu kapena poona nambala yomwe yasowa pa mndandanda, ikani tagi yatsopano, pa bowo lakale ngati lapola bwino osang'ambika, ndipo pa tsamba lake lembani nambala yatsopano pansi pa yakale osafufuta yakaleyo. Tagi yomwe yagwa kapena ya nkhumba yakufa musaikenso pa ina, mbiri ziwiri zimasakanikirana komanso mutha kusamutsa matenda. Mukagulitsa yoti akawete, tagi ipite nayo limodzi ndi chithunzi cha tsamba lake, ndipo pokatenga chilolezo chosamutsira ziweto ku ofesi ya za ziweto mutenge nambala zakezo. Yopha, dulani tagi musanawaule, muiphwanye nkuitaya kutali ndi ana, kenako pa tsamba lake lembani tsiku, makilo a nyama ndi mtengo womwe mwagulitsa, mujambule mzere pansi.